Wakhoza bwanji osalowa m'kalasi?

Mphwanga, ndamva kuti msinkhu wakowo wayamba kukulotetsa za ku America. Pabwalo la basketball anzako akukutama, ndipo pa WhatsApp pali bambo wina amene akukulonjeza sukolashipu. Sindikukuletsa ayi. Koma iwe wakulira pa boda ya Mwanza, madobadoba ukuwadziwa. Amakuuza kuti usavutike ndi mzere, ungopereka pasipoti ndi kangachepe, chidindo chibwera chokha. Chidindocho chimaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene wapolisi wakutsogolo adzachiyang'anitsitse. Kumayunivesite a ku America nakonso zoterezi ziliko.

Yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill si sukulu wamba. Michael Jordan anasewera kumeneko, ndipo dzina la sukuluyi timaliona ku Lilongwe pa UNC Project, komwe amachita kafukufuku wa zaumoyo. Pasukulu yomweyi, kuyambira 1993 mpaka 2011, dipatimenti yophunzitsa za Africa ndi za anthu akuda a ku America inali ndi makalasi a dzina lokha. Mphunzitsi woima kutsogolo kunalibe, tsiku lokumana kunalibe. Wophunzira ankangopereka pepala limodzi kumapeto kwa teremu, ndipo wochonga anali mayi wa mu ofesi, Deborah Crowder, yemwe sanali mphunzitsi n'komwe. Zotsatira zinkangokhala A kapena B. Mayiyu atapuma ntchito mu 2009, mkulu wa dipatimentiyo, Julius Nyang'oro, anapitiriza. Lipoti la Kenneth Wainstein, lomwe linatuluka mu Okutobala 2014, linapeza kuti ophunzira oposa 3,100 anadutsa m'makalasi amenewa, ndipo pafupifupi theka anali ochita masewera. Ena anakhoza Chiswahili polemba nkhani m'Chingerezi!

Mmodzi mwa anyamata a timu ya basketball ya sukuluyi amene anatenga chikho cha makoleji a dziko lonse la America mu 2005, Rashad McCants, anadzaulula yekha mu 2014 pa kanema wa ESPN. Anati teremu imene ankasewera mpira wa chikhowo sanapondeko m'kalasi, koma anapeza ma A anayi, dzina lake n'kulembedwa pamndandanda wa ophunzira okhoza bwino. Anatinso mapepala ankamulembera ena. Kochi wake, Roy Williams, anakana kuti ankadziwa zimenezi.

Tsono taima apa. Cholakwika chinachitika liti? Sichinachitike tsiku limene nkhani inatuluka m'manyuzipepala. Chinachitika mu ofesi yoziziritsa bwino, pamene mlangizi womwetulira anapatsa mnyamata wotopa ndi maphunziro ndi maulendo a timu kapepala ka makosi, n'kumuuza kuti awa ndi opepuka, sakusokoneza mpira. Panalibe womuopseza. Ankaoneka ngati akumuchitira chifundo. Ukanakhala iwe, uli kutali ndi kwanu, kunja kukuzizira, Chingerezi chawo chikukuthamangira, ukanakana? Usayankhe msanga. Ndi kangati wasangalala aphunzitsi atajomba? Mphekesera ya likasa la MANEB ikamveka, iwe umatseka makutu?

McCants anali ndi mwayi woti timu ya Minnesota Timberwolves inamutenga mu 2005, koma pofika 2009 za NBA zinali zitamuthera. Anzake ambiri sanafikeko n'komwe, poti NBA imasankha anyamata pafupifupi 60 okha pachaka, kuchokera dziko lonse lapansi. Nanga sukuluyo? Mu 2017 bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji la NCAA linati silingailange, chifukwa makalasiwo ankalowa aliyense, osati osewera okha. Zikho zinatsala m'kabati. Amene anatuluka m'mutu mulibe kanthu ndi ana a eni.

Masiku ano msampha wina ndi wa kusamuka. Kale wosewera akasintha sukulu ankakhala chaka chathunthu osasewera. Mu 2021 NCAA inalola kusamuka kamodzi popanda kudikira, ndipo mu 2024 inamasuliratu: ukhoza kusamuka kangapo konse bola maphunziro ako ali bwino. N'zoona kuti lamulo lakale linkapondereza ana, poti makochi ankachoka tsiku lililonse akafuna. Koma mpira umasamuka mosavuta kuposa maphunziro. Sukulu yatsopano siikakamizidwa kuvomereza makosi onse amene unakhoza kwina. Ofesi ya boma la America ya GAO inapeza mu 2017 kuti ophunzira osintha koleji ankataya pafupifupi 43 pa 100 ya zimene anali atakhoza kale. Usamuke katatu, zaka zako zosewera zithe, sukolashipu ithe, digiri ikadali kutali. Fizi ya chaka chotsalacho adzalipira ndani? Manachesi a mayi?

Iwe uli ndi vuto linanso limene mwana wa ku America alibe. Visa yako idzakhala ya wophunzira, osati ya wosewera mpira, ndipo imamangirira pa fomu ya I-20 yochokera kusukulu imene uli. Ukasiya sukulu wopanda ina yokulandira, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimayamba kutha. Mnzako wa ku Chicago akalowa pamndandanda wa ofuna kusamuka n'kusowa timu, amabwerera kwa amayi ake pa basi. Iwe ukagona kuti?

Ndiye tchera khutu. Munthu akamafunsa kutalika kwako ndi vidiyo koma osafunsa za satifiketi ya MSCE, dziwa kuti si wasukulu, chifukwa NCAA siyilola wopatsidwa sukolashipu ya masewera kusewera isanaone zotsatira zake za kusekondale. Akafuna ndalama kalata ya sukulu isanabwere, musiye. Ukakafika, akakusankhira kosi osakufunsa chimene ukufuna kudzakhala, ukapeza kuti timu yonse yaunjikana m'kalasi imodzi, ukakhoza phunziro limene nkhope ya mphunzitsi wake sukuidziwa, usakati wadya bwino. Ndipo tsiku limene kochi wina adzakuyimbire kuti bwera kuno uzidzasewera mphindi zambiri, usadzalongedze chikwama asanakulembere pa pepala la ofesi ya zamaphunziro, osati la timu, kuti makosi ako avomereza angati, atsala angati, komanso kuti bondo likadzathyoka sukolashipu idzapitirira kapena ayi.