Controller ikakana kompyuta ikangolandira update, si nthawi yogula ina

Kwa DJ woimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe, mwini situdiyo kapena woimba kiyibodi ya MIDI kutchalitchi, controller ndiye khasu lake. Vuto limene limasowetsa mtendere ambiri ndi lakuti chida chimene dzulo chimagwira bwinobwino chimangoti zii laputopu ikalandira update ya Windows kapena macOS. Timagetsi take tikuyaka, koma pulogalamu yoimbira siikuchiona. Ena amathamanga kukachigulitsa motchipa poganiza kuti chapsa, ena amakongola ndalama yogulira china chifukwa chikole cha ukwati wa Loweruka adalandira kale.

Komatu nthawi zambiri controller imakhala ilibe vuto. Chimene chasokonekera ndi kumvana kwake ndi kompyuta, ndipo kukonza kwake kumafuna bandulo ya intaneti ndi kudekha basi.

Chimene update imasintha

Zida zina za USB zimagwira zikangolumikizidwa, chifukwa zimadalira driver yobwera ndi Windows kapena macOS. Zina zimafuna driver yakeyake, kapulogalamu kochokera ku kampani yopanga chidacho, monga Pioneer DJ, Numark, Roland kapena Korg. Driver ili ngati womasulira pakati pa anthu awiri osamvana chilankhulo. Update ikabwera, itha kuchotsa womasulirayo, kuikapo wina wosadziwa bwino ntchito, kapena kumuletsa kulowa poti ndi wakale. Itha kubwezanso zilolezo ndi makonzedwe a magetsi momwe zidalili kompyuta ili yatsopano.

Choncho kufufuza kuyambire pa zotchipa, kuthere pa zodula.

Ayambe ndi chingwe ndi bowo

Kuyaka kwa timagetsi sikutanthauza kuti uthenga ukudutsa. Zingwe zina, makamaka za USB-C zogulidwa pamodzi ndi matchaja a foni, zimangopititsa moto wokha. Ma controller ambiri amagwiritsa ntchito chingwe chofanana ndi cha pirinta, ndipo chimenechi chimapezeka mosavuta m'mashopu a makompyuta ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi chidacho. Chisapitirire mamita 5, ndipo chachifupi ndiye chabwino.

Mwini chida achotse hub, alumikize controller pa laputopu penipeni, ayesenso mabowo onse. Bowo la USB 2.0 limapereka 500 mA pomwe la USB 3.0 limafika 900 mA, kotero hub yopanda magetsi akeake imene yanyamulanso hard drive ndi mbewa ya kompyuta imaperewera mphamvu.

Kenako ayese chidacho pa laputopu ya mnzake. Chikagwira kumeneko, mlandu watha: controller ndi yamoyo, ndipo palibe chifukwa choperekera ndalama kwa wokonza kuti aitsegule.

Pa Windows

Malo oyamba kuyang'ana ndi Device Manager, pa mutu wakuti Sound, video and game controllers. Pali zinthu zitatu zimene angapeze.

Dzina la chida likaoneka lili ndi kachizindikiro kachikasu, vuto ndi driver. Adine Properties, kenako Driver, ndipo ngati batani la Roll Back Driver likudinika, libweza driver yakale. Ngati silikudinika, asankhe Uninstall device, azule chingwe, ayatsenso kompyuta, aike driver yatsopano yochokera pa tsamba la kampani yopanga chidacho, ndipo alumikize controller pomaliza. Makampani ambiri amalangiza kuika driver chingwe chisadalumikizidwe.

Pakaoneka mawu akuti Unknown USB Device pa mutu wa Universal Serial Bus controllers, abwerere ku chingwe, bowo ndi mphamvu ya magetsi.

Dzina likaoneka bwinobwino popanda chizindikiro, ndiye kuti Windows ikuchiona chidacho, ndipo vuto lili mu pulogalamu yoimbira kapena mu zilolezo.

Windows 11 ili ndi chitetezo chotchedwa Memory integrity, chopezeka mu Windows Security pa Device security, kenako Core isolation. Chitetezochi chimakaniza ma driver ena akale. Kuchithimitsa kutha kupulumutsa ntchito ya tsikulo, koma kumachepetsa chitetezo cha kompyuta, ndiye njira yokhalitsa ndi kupeza driver yatsopano.

Ngati controller ikugwira kenako n'kuduka nyimbo ili pakati, nthawi zambiri ndi Windows imene ikugoneka bowo la USB pofuna kusunga batire. Mu Device Manager, pa USB Root Hub iliyonse, atsegule Power Management ndi kuchotsa chizindikiro chololeza kompyuta kuthimitsa chidacho. Mu Power Options athimitsenso USB selective suspend. Izi n'zofunika kwambiri magetsi akathima laputopu n'kuyamba kudalira batire.

Maikolofoni ikakhala kuti siikumveka mu pulogalamu yojambulira, ayang'ane mu Settings pa Privacy & security, kenako Microphone, ndi kuloleza mapulogalamu kuigwiritsa ntchito.

Pa Mac

Apple yakhala ikukhwimitsa malamulo chaka ndi chaka. Kuyambira pa macOS High Sierra ya 2017, driver ya kampani ina imafuna kuti mwini kompyuta aivomereze yekha podina Allow m'gawo la chitetezo. Batani limeneli limaoneka kwa mphindi pafupifupi 30 zokha driver ikangoikidwa, ndipo amene walidutsa ayenera kuiikanso. Mu 2019, macOS Catalina idasiyiratu kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo mapulogalamu ambiri akale oimbira adafera pomwepo. Kuyambira pa macOS Ventura ya 2022, malaputopu okhala ndi chip ya Apple amafunsa chilolezo chida chachilendo cha USB chisadalumikizidwe. Amene adadina kukana mosazindikira akonze mu System Settings pa Privacy & Security.

Pofuna kudziwa ngati Mac ikuchiona chida, atsegule System Information pa USB. Kenako atsegule Audio MIDI Setup ndi kuyang'ana mu MIDI Studio. Chithunzi cha chida chikakhala chozilala, achichotse, azule chingwe ndi kuchilumikizanso.

Pulogalamu yoimbira

Serato DJ, rekordbox, VirtualDJ ndi FL Studio zonse zimalemba pa masamba awo mtundu wa Windows kapena macOS umene zimagwirizana nawo. Pulogalamu yakale pa kompyuta imene yangosinthidwa kumene itha kutseguka koma osaona controller. Mu FL Studio, chida chiyenera kuyatsidwa mu MIDI settings. Mu mapulogalamu a DJ, aonenso ngati phokoso silidabwerere ku masipika a laputopu m'malo mwa controller.

Pa Windows, kwa zaka zambiri chida cha MIDI chinkamvera pulogalamu imodzi pa nthawi imodzi, choncho atseke mapulogalamu ena onse oimbira. VirtualDJ yopanda layisensi imalola controller kugwira kwa mphindi 10 zokha, ndiye amene waiikanso alowenso mu akaunti yake. Mapulogalamu obedwa amene amaikidwa m'timashopu ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa salandira zokonza zochokera kwa eni ake.

Kubwerera m'mbuyo

Zonse zikakanika, update itha kuchotsedwa. Mu Settings, pa Windows Update, pali Update history ndi Uninstall updates. Amene wasamuka kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11 ali ndi masiku 10 odina Go back mu Recovery. Masikuwa akadutsa, kubwerera kumafuna kuikanso Windows yonse. Pa Mac, njira yodalirika ndi kukhala atasungiratu zonse ndi Time Machine asadasinthe. Nyimbo ndi mindandanda yake azikopere kaye pa hard drive ina.

Malangizo a pamalonda

Microsoft imatulutsa update zake zikuluzikulu Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Laputopu imene yalumikizidwa pa intaneti Lachitatu kapena Lachinayi itha kudzisintha yokha masiku ochepa ukwati usadachitike. Windows imalola kuimitsa update mpaka masabata 5, choncho DJ wanzeru amadina Pause updates akangolandira chikole, n'kudzasintha Lolemba ntchito itatha, pamene pali nthawi yoyesa zonse. Kusiyiratu update mpaka kalekale si nzeru, chifukwa ndi zimene zimatseka mipata ya mavairasi. Nkhani ndi kusankha tsiku.

Ogula zida za kaunjika asamalenso. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, chimene malaputopu ambiri akale alibe. Controller yotchipa yochokera ku Johannesburg itha kukhala imene kampani yake idasiya kale kuipangira driver. Safunsa adadya phula: wogula afufuze dzina la chidacho pa tsamba la kampani, apite ndi laputopu yake kwa wogulitsa, ayese batani lililonse ndi mahedifoni asadatulutse ndalama.

M'chikwama cha ntchito musasowe chingwe chapadera, fulashi yokhala ndi driver ndi pulogalamu zimene zikugwira panopa, komanso foni yodzaza nyimbo ndi chingwe cholowera ku mikisa. Perekaniperekani sadikira kuti laputopu iyakenso, ndipo eni ukwati amene nyimbo zidawadukira mkwatibwi akulowa m'holo sadzamutchulanso DJ ameneyo kwa achibale awo.