Kodi nsomba imodzi imafuna madzi ochuluka bwanji?

Pali kansomba kena kofiira kapena kabuluu, ka zipsepse zazitali zokhala ngati chitenje chikuuluzika ndi mphepo, kamene mwina munakaonapo pa TikTok kapena pa Facebook kali m'kapu yagalasi patebulo. Dzina lake ndi betta, asayansi amati Betta splendens. Kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, ndipo mu 2019 dziko la Thailand linakasankha kukhala chizindikiro chake pa zamoyo zam'madzi. Sikatalika kwenikweni, thupi lake limangofika masentimita 6 kapena 7. Ndiye munthu ukakaona umangoti, aa, kochepa chonchi, botolo la Sobo likwana. Ine ndikuti silikwana, ndipo ndikufuna tiwerengetsere limodzi chifukwa chake, ndi zomwe mumaphunzira kale mu Biology, Chemistry ndi Physics. Inu amene munagwirapo matemba kumtsinje n'kuwaika m'botolo, mawa lake n'kuwapeza atayandama chagada, nkhaniyi ndi yanunso.

Tiyambe ndi zonyansa. Nsomba ilibe chimbudzi. Madzi amene imapumiramo ndi omwewo imadzithandiziramo. Ikadya zakudya zomanga thupi, zotsala za nayitrojeni imazitulutsa ngati amoniya, makamaka kudzera m'makha, amene m'kalasi mumawatcha kuti gills. Chakudya chotsalira chikamaola pansi chimatulutsanso amoniya yemweyo. Amoniya ndi poizoni: amawotcha makha, nsomba n'kumavutika kupuma.

Tsono apa ndi pamene mawu aja a concentration amagwira ntchito. Tingoyerekeza, kuti masamu aphweke, kuti nsomba yathu imatulutsa miligalamu imodzi ya amoniya patsiku. M'madzi a lita imodzi, pofika mawa muli miligalamu imodzi pa lita. M'madzi a malita 20, amoniya yemweyo wasungunuka n'kukhala 0.05 pa lita. Nsomba ndi yomweyo, chakudya n'chomwecho, koma poizoni wachepa mphamvu ka 20. Zili ngati supuni ya mchere: m'kapu ya tiyi simungamwe, koma mu ndowa yodzaza simungaumve n'komwe. Amene ali ndi kabotolo akaiwala kusintha madzi masiku awiri atatu chifukwa cha mayeso, wapha nsomba. Amene ali ndi thanki yokulirapo ali ndi mpata wolakwitsako pang'ono.

Mu thanki yokhazikika muli antchito osaoneka ndi maso. Mukukumbukira nitrogen cycle? Mabakiteriya ena, monga Nitrosomonas, amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi woopsa, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba imapirira bwinoko ndipo zomera zam'madzi zimadya. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi ayi, amamatirira pamiyala, pamchenga ndi pasiponji ya fyuluta, ndipo kuti achuluke mokwanira pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. M'kabotolo kopanda miyala, kamene mumakhuthula n'kukatsuka ndi sopo, akhala pati?

Chachiwiri ndi mpweya. Okosijeni amalowa m'madzi kudzera pamwamba, pamene madzi akumana ndi mphepo. Choncho funso si loti madzi ndi ochuluka bwanji lokha, komanso loti pamwamba pake n'potambalala bwanji. Malita awiri m'beseni amapuma bwino kuposa malita awiri m'botolo la khosi lopapatiza. Matemba aja n'chimene chinawapha msanga. Ndipo madzi sasunga okosijeni wambiri: pa madigiri 25 lita imodzi imasunga mamiligalamu 8 ndi pang'ono basi, akamatentha amacheperachepera. Kuno ku Blantyre, poti tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, amachepanso pang'ono kuposa pamenepo.

Betta ili ndi chinyengo chake pa nkhani ya mpweyayi. Pamwamba pa makha ili ndi kachiwalo kamakwinyamakwinya kotchedwa labyrinth, kamene kamaithandiza kumeza mpweya pamwamba pa madzi. Zisakudabwitseni, ifenso tili nayo nsomba yotere: mlamba. Mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wamumlengalenga, n'chifukwa chake umapezeka uli moyo m'matope dambo likamauma, ndipo pamsika umatha kuphiriphitha nsomba zina zonse zitafa kalekale. Luso limeneli ndi limene laipweteketsa betta. Poti siifa msanga m'kapu, ogulitsa amaiika m'kapu, ogula n'kumaganiza kuti ndi mmene imakhalira. Ena amanena kuti kwawo imakhala m'tizithaphwi. Zoona zake n'zoti imakhala m'madambo, m'ngalande ndi m'minda ya mpunga. Amene munafikako ku sikimu ya mpunga ya Likangala ku Zomba mukudziwa mmene munda wa mpunga umakhalira: madzi ake ndi osaya, koma amatambalala mpaka uko. Komanso kumeza mpweya sikuteteza makha ku amoniya.

Chachitatu, chimene kwa ine ndi chachikulu kwa ife a ku Blantyre, ndi kutentha. Nsomba siitenthetsa thupi lake ngati mmene timachitira ife, imangotsatira madzi. Betta imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Tsopano taganizani usiku wa mu Juni kapena Julaye ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Chigumula, chiperoni chitakuta phiri la Soche, aliyense atavala juzi. Usiku wotere kunja kumazizira mpaka pansi pa madigiri 15. Madzi akazizira choncho betta imangokhala pansi duu, siidya, ndipo matenda amaigwira mosavuta.

Mu Physics munaphunzira kuti kilogalamu imodzi ya madzi imafuna majuli 4,200 kuti isinthe ndi digiri imodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kabotolo ka lita imodzi kakataya majuli 4,200 katsika digiri yathunthu, pamene thanki ya malita 20 iyenera kutaya majuli 84,000. Wina wochenjera kumbuyoko anena kuti, "Komatu thanki yaikulu ili ndi makoma aakulu otayira kutentha." Eya, n'zoona, tiyeni tiwerengetsenso. Bokosi la masentimita 10 mbali zonse limalowa lita imodzi, ndipo mbali zake zisanu ndi imodzi zimakwana masikweya sentimita 600. Bokosi la masentimita 27 mbali zonse limalowa pafupifupi malita 20, mbali zake n'kukwana 4,374. Gawani ndi 20, mupeza pafupifupi 220 pa lita iliyonse, osati 600. Ndi surface area to volume ratio yomwe ija ya mu Biology. Amayi kunyumba amaidziwa osalowa m'labu: phala la m'mbale limazizira msanga, la mumphika limakhala lotentha. Hita ya m'madzi ndi yofunikabe m'miyezi yozizira, koma magetsi akazima usiku, madzi ambiri ndi amene amagwirizira mpaka kuche.

Ndiye ndi malita angati? Kwa betta imodzi, oweta nsomba ambiri odziwa ntchito yawo amati musatsike pa malita 20. Ndi chigubu chimodzi chotungira madzi chija. Kuti mudziwe kukula kwa thanki, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 1,000. Thanki ya 40 × 25 × 25 ikupatsani malita 25. Mukachotsera malo a mchenga ndi miyala, ndi mpata wosiya pamwamba, mutsala ndi pafupifupi 20. Sankhani yotalika cham'mbali, osati yoimirira ngati mtsuko wa maluwa, chifukwa betta imapita pamwamba pafupipafupi kukameza mpweya ndipo zipsepse zazitalizo zimailemera. Ikani chivundikiro, imadumpha. Ndipo yamphongo ikhale imodzi. Ziwiri zimamenyana mpaka zipsepse kung'ambika, nthawi zina mpaka imfa, thanki ikule bwanji m'nyumba mwanumo.

Mwina mukuti, bwanji osaweta zathu zomwe? Funso labwino, chifukwa anthu a ku Germany, ku America ndi ku Japan amalipira ndalama zambiri kuti akhale ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zija zamawangamawanga zimene mumaziona m'miyala ku Cape Maclear. Kampani ya Stuart Grant ku Senga Bay, ku Salima, inadziwika dziko lonse ndi ntchito yotumiza nsombazi kunja. Koma mbuna ndi nkhani ina. Yamphongo imalonda mwala wake ngati mwini munda, ndipo imathamangitsa aliyense woyandikira. Mu thanki yaing'ono yothamangitsidwayo ilibe kothawira. N'chifukwa chake oweta mbuna amayambira pa malita pafupifupi 200, thanki yotalika masentimita 120, yodzaza miyala yobisalamo. Madzi okhawo ndi makilogalamu 200, musanawerengere galasi ndi miyala. Tebulo lowerengera lija lithyoka. Dziwaninso kuti ku Cape Maclear mbuna zimatetezedwa ndi Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Si malo opita ndi ndowa. Ndipo musasakanize betta ndi mbuna, zidzaibudula zipsepse tsiku lomwelo.

Za madzi apampopi, mwachidule: ali ndi kolorini, amene amapha majeremusi kuti ife timwe bwino, koma amaphanso mabakiteriya athu aja ndi kupweteka makha. Asiyeni mu ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri, kapena dontheziranimo mankhwala ochotsa kolorini. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a mu thanki n'kuthiramo atsopano. Osakhuthula onse, ndipo sopo asayandikire.

Musanagule nsomba iliyonse, yesani izi kumapeto a sabata ino. Pemphani themomita kwa aphunzitsi a sayansi. Madzulo thirani madzi ofunda a madigiri 28 m'botolo la lita imodzi ndi mu ndowa ya malita 20, zonse muziike malo amodzi m'chipinda. Yezani mukangothira, yezaninso pakatha ola lililonse mpaka mukagone, kenako m'mawa 5 koloko. Jambulani girafu, nthawi pansi, madigiri m'mbali, mizere iwiri papepala limodzi. Pa madigiri 24 jambulani mzere wofiira wopingasa, ndipo mulembe ola limene botolo lautsika ndi ola limene ndowa yautsika.