Mawu otsanzikana posiya ntchito pa zifukwa za kunyumba

Msika wa fodya ku Chinkhoma ukayamba kuzirala, m'maesiteti a kwa Chulu, kwa Kaluluma, kwa Santhe ndi kwa Wimbe mumayamba kumveka za anthu otsanzika. Ena ndi a ntchito ya nyengo imodzi amene akubwerera kwawo ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Machinga, ndipo za iwo palibe chodabwitsa. Koma aliponso makalaliki, akapitawo, madalaivala ndi alonda a ntchito yokhazikika amene amasiya chifukwa cha nkhani za kunyumba: mayi akudwala kumudzi ndipo palibe wowadwazika, pamunda wa makolo pabuka mkangano, banja lagwedezeka, kapena thupi la mwini wake lakana fumbi la m'chigafa. Munthu wotere amaitanidwa ku ofesi kuti akacheze ndi bwana asanachoke. M'makampani ogula fodya, m'mabungwe ndi m'masukulu oyima paokha, kuchezako kumakhala ndi fomu yake ya mafunso. Pa esiteti yaing'ono kumachitikira pakhonde la manijala, popanda pepala. Konseku funso loyamba ndi limodzi: "N'chifukwa chiyani mukutisiya?"

Ambiri amalakwa pa funso limeneli m'njira ziwiri. Ena amakhuthula zonse za m'banja mwawo ngati ali pamaso pa ankhoswe. Ena amanena kuti "ndi za kunyumba" pomwe chowachotsa chenicheni chili pantchito pomwepo.

Amene akuchokadi pa zifukwa za kunyumba adziwe kuti lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limafuna kwa iye chidziwitso cholembedwa, chimene timachitcha notisi. Silimukakamiza kufotokoza matenda a mkazi wake kapena chimene chasokoneza ukwati wake. Wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pasabata amene sadakwanitse zaka 2 apereke ya sabata imodzi, ndipo nthawiyi imatalika zaka zikamachuluka mpaka mwezi wathunthu kwa amene wakwanitsa zaka 5. Akachoka osapereka notisi, bwana ali ndi ufulu wofuna ndalama zolingana ndi masiku a notisiyo. Choncho mawu okwanira pakuchezako ndi ochepa ndithu: "Bwana, ndathokoza chifukwa cha zaka zitatu zimene ndagwira ntchito pano. Kumudzi kwagwa nkhani yofuna ine mwini, ndipo sindingathe kuisamala ndili kuno. Tsiku langa lomaliza ndi limene ndalemba m'kalatamu." Akafunsanso kuti nkhaniyo ndi yotani, yankho laulemu lilipo: "Ndi ya m'banja, bwana, mundikhululukire kuti ndisaitchule." Bwana wanzeru amalekera pomwepo.

Chifukwa chosungira pakamwa n'chodziwika kwa aliyense amene adakhalako pa esiteti. Nyumba za antchito n'zoyandikana, mjigo ndi umodzi, ndipo mawu onenedwa mu ofesi m'mawa amakhala atafika posankhira fodya dzuwa lisanapendeke. Mwini nkhani achoka, koma mlamu wake kapena mwana wa mlongo wake atsala pomwepo kusenza manyazi. Pa nkhani ya matenda tiyenera kunenetsa: palibe bwana amene ali ndi mphamvu yokakamiza wantchito kuulula ngati ali ndi kachilombo ka HIV kapena ayi, ndipo lamulo la chaka cha 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi chimenechi.

Komabe, musanatchule mawu oti "ndasiya", dzifunseni ngati vuto lanu likufunadi kusiya ntchito. Wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, malinga abweretse kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 pa malipiro onse kamodzi pa zaka 3. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Alipo anthu amene adataya ntchito ya zaka zambiri chifukwa cha vuto la masabata atatu, kungoti sadafunse. Kupempha tchuthi kumafuna kuti muululeko pang'ono, koma kwa munthu mmodzi yekha amene ali ndi mphamvu yovomereza.

Tsopano tifike pa cholakwa chachiwiri, chomwe chimadya ndalama. Mwa chikhalidwe chathu sitikonda kunena bwana pamaso. Munthu amene miyezi itatu yadutsa osalandira malipiro, kapena mayi amene kapitawo wakhala akumufuna zachisembwere namuopseza kuti amuchotsa, akafunsidwa chifukwa chochokera amaweramitsa mutu nati, "Ndi za kunyumba basi." Kalaliki amalemba momwemo, munthu uja nasaina kapena kudinda chala. Akuganiza kuti wachita ulemu, pamene wadzitsekera yekha chitseko.

Lamulo limasiyanitsa wosiya ntchito mwa kufuna kwake ndi wosiya chifukwa khalidwe la bwana lapangitsa kuti kupitiriza kukhale kosatheka. Gawo 60 la lamulo la zantchito limalola munthu wachiwiriyu kuchoka ngakhale popanda notisi, ndipo amawerengedwa ngati wochotsedwa mopanda chilungamo. Wotere angathe kulandira chipukutamisozi pamodzi ndi ndalama zija zimaperekedwa malinga ndi zaka zimene munthu wagwira, zimene wosiya mwa kufuna kwake salandira. Koma udindo woonetsa umboni uli pa iye. Nanga akadzafika kwa mkulu wa zantchito pa boma, bwana natulutsa pepala losainidwa lonena kuti adachoka pa zifukwa za kunyumba, adzayankha chiyani? Kutsutsa pepala limene udasaina wekha ndi ntchito yolemetsa. Nthawi yodandaula nayonso ndi yochepa: miyezi 3 kuchokera tsiku lochoka. Mkulu wa zantchitoyo akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizi, nkhani imapita ku bwalo lozenga milandu ya pantchito.

Kunena chilungamo sikufuna chipongwe. Mutha kunena modekha kuti, "Bwana, ndikuchoka chifukwa malipiro a miyezi itatu sindidalandire, ndipo ndidadandaula kawiri popanda yankho. Ndikupempha kuti zilembedwe momwemo." Tchulani miyezi, masiku ndi ndalama, mawu onyoza asiyeni panja. Ngati amene akukufunsani ndi yemwe adakulakwirani, pemphani kuti pakhale munthu wina, kapena lembani kalata yanu n'kusunga ina yofanana nayo. Kuzunza munthu pa zachisembwere pantchito ndi mlandu pansi pa lamulo la chaka cha 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo wolakwiridwa sayenera kuubisa pansi pa mawu oti "za kunyumba". Wosadziwa kuwerenga asadinde chala pa pepala limene sadamuwerengere munthu amene iye amamukhulupirira. Izi zikukhudzanso amene kale tinkawatcha matenanti: chiyambire 2021 lamulo lidaletsa utenanti, ndipo wolima fodya wa mwini esiteti ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro.

Nanga zikasakanikirana, kumudzi kuli vuto ndipo pantchito pali dandaulo? Nenani zonse ziwiri, chilichonse pa muyeso wake, osakuza china pofuna kubwezera.

Kucheza kotsanzikana ndi mpata wanunso wofunsa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Funsani tsiku limene mulandire malipiro otsala pamodzi ndi ndalama za masiku a tchuthi amene simudapite. Lamulo likuti zonsezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Mawu oti "mudzabwere tikagulitsa mabelo otsala" musawalandire mopepuka, makamaka ngati kwanu ndi kutali ndipo ulendo wobwerera udzadya theka la ndalamazo. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mudatenga ngongole ya chimanga kapena ya ndalama, muwerengerane pomwepo, buku lili poyera. Amene ankadulidwa penshoni afunse dzina la kampani yosunga ndalamazo ndi nambala yake, chifukwa ndalamazo ndi zake ngakhale wasiya yekha ntchito.

Pemphaninso kalata yotsimikiza kuti mudagwira ntchito pamalopo, imene gawo 31 limalamula bwana kupereka wantchito akaipempha. Imatchula dzina la wolemba ntchito, mtundu wa ntchito, nthawi imene mudagwira ndi malipiro anu. Chifukwa chochokera chimalembedwamo pokhapokha mwini wake wapempha, ndipo chimodzimodzi ndemanga ya kagwiridwe kanu ka ntchito. Mavuto a kumudzi akadzatha ndipo mwabwerera ku Kasungu nthawi yofesa nazale, kalata imeneyi ndiyo manijala wina adzayambe kuiona asanakufunseni china chilichonse.