Timaelekitirodi Tochepa Kuposa Tsitsi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi microelectrode array n'chiyani?

Ndi kachipangizo kokhala ndi timadontho tambirimbiri ta golide kapena platinum, toyalidwa m'mizere pa kambale ka silicon kapena galasi. Nthawi zambiri kadontho kalikonse sikapitirira mamaikulomita 25 m'mimba mwake, pomwe tsitsi la munthu limanenepa 50 mpaka 100. Akakaviika m'madzi, timadonthoti timapatsana maelekitironi ndi mankhwala osungunukamo, ndipo magetsi otuluka amasonyeza kuchuluka kwa mankhwalawo. Ena amayezera nako lead ndi arsenic m'madzi akumwa.

N'kuchepetseranji chonchi?

Cha m'ma 1980, Martin Fleischmann ku Southampton ndi Mark Wightman ku Indiana anaonetsa ubwino wake. Pa elekitirodi yaikulu mankhwala amafikira kumaso kokha, ndipo magetsi amanka nachepa. Pa kadontho amafikira mbali zonse, choncho magetsi sachedwa kukhazikika. Kuipa kwake, kadontho kamodzi kamangotulutsa mananoampere ochepa. N'chifukwa chake amalumikiza timadontho mazanamazana kuti tithandizane.

Timadonthoti amatipanga bwanji?

Ntchitoyi imagwiridwa m'chipinda chopanda fumbi, chowala nyali zachikasu, poti kuwala wamba kumaononga photoresist, utoto umene amapaka pa kambale. Amaika chikombole pamwamba n'kuwalitsa cheza cha UV, kenako n'kutsuka utotowo kuti patsale njira zojambulidwa. Golide sagwira bwino pa galasi, ndiye amayamba athira titanium kapena chromium wopyapyala, golide n'kubwera pambuyo. Akamiza kambaleko mu acetone, utoto wotsala umanyamuka pamodzi ndi chitsulo chosafunika. Potsiriza amakuta ponse ndi silicon nitride n'kuboola timabowo: pamene golide waonekera, elekitirodi ndi imeneyo.

Bwanji osangopanikiza timadontho tambiri malo amodzi?

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Zitsime zokumbidwa moyandikana zimalandana madzi. Timadontho toyandikana natonso timalandana mankhwala. Zikatero kachipangizo konse kamangochita ngati elekitirodi imodzi yaikulu, ndipo ntchito yonse ya m'chipinda chodula chija imapita pachabe. Palibenso mtunda umodzi woyenera nthawi zonse: muyezo ukamatenga nthawi yaitali, timadontho timafunika kutalikirana kwambiri.

Mungadziwe bwanji kuti kapangidwa bwino?

Maikulosikopu ya maelekitironi imakuonetsani kukula kwa timabowo, koma siikuuzani ngati tonse tikugwira ntchito. Yesani cyclic voltammetry mu ferricyanide kapena ferrocenemethanol, mukusintha voteji pang'onopang'ono. Mzere wa pa girafu ya magetsi ukakwera n'kukhala thyathyathya ngati chilembo cha S, timadontho tikugwira patokhapatokha. Ukachita nsonga, tikulandana. Kenako yerekezani magetsi ndi samu ya kadontho kamodzi, i = 4nFDCr (n ndi chiwerengero cha maelekitironi opatsana, F nambala yokhazikika ya Faraday, D nambala yosonyeza mmene mankhwala amafalikira, C kuchuluka kwa mankhwalawo, r theka la m'mimba mwa kadontho), kuchulukitsa ndi chiwerengero cha timadontho. Akaposa kwambiri, chokutira chija chikudontha penapake. Akaperewera, timabowo tina n'totseka kapena golide wada. Mutsukeni poyendetsa voteji mu sulfuric acid wosakaniza ndi madzi, muyezenso musanataye kachipangizoko.