PHUNZIRO LA MWEZI UNO: YESANI KATUNDU MUSANAMUNYAMULE

Pa madoko a Makawa, Msaka ndi Malembo ntchito yolemetsa imayamba m'mawa pamene maboti afika pagombe. Nsomba ziyenera kutsika dzuwa lisanakwere, ogula akudikira, mwini boti nayenso akufulumiza anyamata ake. Nthawi imeneyi ndiyo imene anthu amapweteka msana, chifukwa munthu amangoti bokosi gwi! osayamba waona kulemera kwake.

Choyamba tidziwe kulemera kwa zinthu zimene tinyamula masiku onse. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, kotero chigubu cha malita 20 chilemera makilogalamu 20. Thumba la simenti kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Bokosi la chambo limanyenga maso, pakuti pansi pa nsomba pali madzi oundana. Musanalinyamule, tukulani ngodya imodzi pang'ono. Likakana, itanani mnzanu.

M'chaka cha 1967 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la ILO, linalangiza ku Geneva kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndi kuti akazi ndi achinyamata azinyamula wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ku Britain oyang'anira chitetezo cha antchito amayamba kuchenjeza pa makilogalamu 25 kwa mwamuna ndi 16 kwa mkazi, ndiponso katunduyo atagunda thupi. Onani tsono kuti thumba la feteleza liposa muyeso umenewu kawiri.

Koma kulemera sikuli kokha. Msana wa munthu ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pake pali timitsamiro tofewa. Munthu akawerama miyendo ili chiwongokere, nanyamula bokosi lili patali ndi thupi, timitsamiro ta m'chiuno tifinyika koposa. Akapotokanso chiuno kuti aponye bokosilo pa galimoto, kamtsamiro kangathe kutuluka m'malo mwake ndi kupana mtsempha. Ululu umatsika mpaka kumwendo. Enanso chophuka chimawatulukira pa ntchito yotere. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana chinthu chimenechi ndi njerwa imodzi: mwana aigwire pachifuwa, kenaka aigwire atatambasula mikono, anene yekha pamene yamtopetsa msanga.

Kanyamulidwe kabwino ndi aka. Imani pafupi ndi bokosi, mapazi motalikirana pang'ono. Pindani mawondo monga munthu wonyonyomala, gwirani bokosi ndi manja onse, ligunde thupi lanu, ndipo dzukani ndi mphamvu ya miyendo. Pofuna kutembenuka sunthani mapazi, chiuno chisapotoke. Amayi osenza madengu a usipa kupita nawo ku thandala asadzitwike okha; mnzawo awatwike ndi kuwatula, ndipo nkhata isaiwalike.

Yang'ananinso njira imene mudzapitamo. Mchenga wonyowa umatitimira, pansi pa boti pamaterera ndi mamba, ndipo zingwe za makoka zimakola miyendo. Boti likamagwedezeka ndi mafunde a mwera, ndi bwino kupatsirana katundu mmodzimmodzi kusiyana ndi kudumpha naye. Pamene njira ili youma, wilibala kapena njinga ichite ntchitoyo. Kumbukirani kuti bokosi la makumi atatu silinyamulika monga loyamba lija, ngakhale kulemera kwake n'kumodzi. Munthu wotopa ndiye amaterereka. Ife tiona kuti kulipira anyamata powerenga mabokosi kumawachititsa kusenza awiri nthawi imodzi, ndipo eni katundu ayenera kuganizirapo.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa antchito la 1997 linaika udindo woteteza antchito pa owalemba ntchito, ndipo lamulo la 2000 linakonza za chipukuta misozi kwa wolembedwa ntchito amene wavulala ali pantchito. Mukavulala, uzani bwana wanu tsiku lomwelo, pitani kuchipatala, sungani kalata ya dokotala, ndi kukanena ku ofesi ya zantchito ku Mangochi boma. Ngati mwendo wachita dzanzi, wafooka, kapena mkodzo ukuvuta, musadikire kuti kuche.