Phunziro la Sabata Ino: Kamba wa Paulendo

Buku Loyamba la Mafumu (19:4-8) limasimba za mneneri Eliya atalefuka m'chipululu, nagona pansi pa kamtengo akupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamudzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi a mumtsuko, chifukwa ulendo wa ku phiri la Horebu unali wautali. Mulungu anasamala za thupi la mtumiki wake asanamupatse ntchito ina.

Akhristu ambiri a m'tauni amadyera paulendo. Amayi a geni amalawirira kukapikula mpunga, tomato ndi matemba ku Songani, pa msewu wa Zomba-Liwonde, ena nkupitirira mpaka ku madoko a nyanja ya Chilwa, kumene amagona masiku angapo kudikira nsomba. Mpamba amauwerengera bwinobwino, koma chakudya chawo ayi. M'mawa mandasi ndi chakumwa cha shuga, masana tchipisi cha pachiwaya chothira mchere wambiri, madzulo chimodzimodzi. Mimba imadzaza ndithu, koma kadyedwe kotere kakapitirira zaka kamaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi.

A zaumoyo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Wapaulendo angaganize kuti zimenezi nza anthu okhala ndi khitchini. Komatu pa msika ngati wa Songani zambiri zimapezeka osakoleza moto. Mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, dzira lowiritsa ndi nthochi ziwiri ndi magulu anayi kale. Amene ali ndi kapoto kamodzi ndi mbaula yobwereka akhoza kuphika futali, mbatata yothira nsinjiro, kapena kuphika matemba pamodzi ndi tomato ndi mfutso. Nsinjiro ndi mfutso nzopepuka, ndipo zimapirira masiku angapo m'chikwama zikakhala zouma. Chodabwitsa nchakuti wogulitsa nsomba nthawi zambiri ndiye amaumira kudyako nsomba, poopa kudya mpamba.

Choopsa msanga kuposa zonse ndi madzi. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pa nyanjapo, akhala akuvutika ndi kolera kawirikawiri, mpaka mu 2016 kunachitika katemera wa kolera wolunjika kwa iwowo. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho wopita kunyanja anyamule chigubu chake cha madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndi kachidutswa ka sopo. Thobwa la m'botolo losadziwika kumene lachokera ndi bwino kulipewa. Chakudya chophika achidye chikadali chotentha. Mpunga wogonera usiku kunja kukutentha wagwetsa ambiri.

Mkate wa Eliya anachita kumukonzera wina. M'mabanja momwe muli woyendayenda, otsala pakhomo angathe kukazinga mtedza ndi kudzaza chigubu usiku wa ulendowo. Miphakati ikakumana sabata ino ifunsane kuti mwa akhristu ake ndi angati amagona kunja chifukwa cha ntchito, nanga amadya chiyani kumeneko.