Kwa ana a ku Thyolo amene alowa ntchito yotsatsa malonda

Ndikulankhula ndi inu ana a ku Thyolo amene mwamaliza sukulu n'kupeza ntchito m'makampani otsatsa malonda mumzinda wa Blantyre. Ena munabadwira m'nyumba za antchito ku Makwasa, ku Naming'omba kapena ku Satemwa. Ena ndinu a m'midzi yothithikana m'mphepete mwa minda ya tiyi, kumene banja lonse limadalira kamunda kosakwana ekala. Inenso kwathu n'komweko, ndipo imvi zandimera ndikulemba mauthenga amalonda a pa wailesi, a m'nyuzipepala ndi a pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Ntchitoyi ndimaikonda, n'chifukwa chake ndikufuna muilowe mukuidziwa bwino.

Chimene chidzayambe kukudabwitsani ndi kumasuka kwa muofesi. Palibe tayi, palibe belu, nyimbo zikulira, bwana akuseka nanu ndipo akuti muzimuitana dzina lake lenileni. Kwa mwana amene anakula akuona bambo ake akuvulira chipewa kapitawo, zimenezi zimaledzeretsa. Koma maudindo alipo ndithu, angobisala. Pali amene amalankhula ndi kasitomala n'kubwera ndi brief yofotokoza zimene kasitomalayo akufuna, pali olemba mawu, okonza zithunzi pa kompyuta, ogula malo pa wailesi ndi m'nyuzipepala, a ku akawunti, kenako dalaivala, mesenjala ndi mayi wosesa amenenso amaphika tiyi wa 10 koloko. Bwana amene akuseka nanu lero ndi yemweyo amene adzasaine kalata yochepetsa antchito kasitomala wamkulu akadzachoka. Sekani naye, koma ulemu umene anakuphunzitsani kwanu musausiye pa geti.

Pa esiteti dengu likadzaza mumapita nalo pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu pa dzina lanu inu muli pomwepo. Anthu amakangana naye kalalikiyo, inde, koma nambala yokanganirana imakhalapo. Muofesi yotsatsa malonda mulibe sikelo. Ganizo limatuluka m'kamwa mwa mtsikana amene wangoyamba kumene, wina alikonza pang'ono, wina aliika pa chithunzi, ndipo pofika pamaso pa kasitomala lasanduka la wamkulu amene wavala jekete. Maofesi ambiri amawolera pamenepa. Anthu amayamba kubisa nzeru zawo, pamsonkhano aliyense ali duu, kudikira kuti akanong'oneze bwana payekha. Inu musabise. Nenani ganizo lanu pagulu, ndipo mukatuluka mumsonkhano lembani imelo yaifupi yofotokoza zimene mwagwirizana ndi amene ananena chilichonse. Kumeneko si kudzikuza. Ndipo tsiku limene mudzakhale inuyo wonyamula ntchito kupita nayo kwa kasitomala, mudzatchule dzina la mwini ganizo mokweza, mwiniwakeyo akumva. Ndaona achinyamata aluso akusiya ntchito ya malipiro abwino chifukwa choti mwezi ndi mwezi nzeru zawo zinkatamandidwa m'dzina la wina.

Uthenga wa Chichewa mukaulemba, musathamangire nawo kwa bwana. Kawerengereni adalaivala ndi amayi osesa aja. Iwo ndi amene amagula sopo, mayunitsi ndi mafuta ophikira amene mukutsatsawo, ndipo akakwinya nkhope dziwani kuti ngakhale muuike pa Zodiak kapena pa MBC kakhumi pa tsiku, palibe adzaugwire. Akakupatsani mawu oposa anu, zomwe zimachitika kawirikawiri, kawanenereni kwa akuluakulu kuti alandirepo kanthu. Chimodzimodzi anthu akunja amene timawadalira: woimba jingle, ochita sewero la pa wailesi, wosindikiza mabanala ku Limbe. Amenewa amadikira miyezi kuti alipidwe pamene kasitomala analipira kale. Invoyisi yawo ikagona pa desiki ya wina, pitani mukaifunse. Ndipo nyimbo ya munthu musaiike mu uthenga musanagwirizane naye. A COSOMA alipo chifukwa cha zimenezi.

Moyo wa muofesi suthera pa ntchito. Pali chipereganyu cha kutha kwa mwezi, pali chipepeso mnzanu akaferedwa, pali chinkhoswe ndi ukwati. Lowani nawo monga mmene thumba lanu likulolera. Maliro a mayi ake a mesenjala akachitika ku Bangwe kapena ku Ndirande, mupiteko ndi mapazi anu, mukakhale pansi ndi anamfedwa, osangotumiza ndalama pa foni. Pa gulu la WhatsApp la kuofesi musanyozepo kasitomala kapena mnzanu. Anthu a ntchito imeneyi m'Malawi muno ndi ochepa ndipo amangosinthana maofesi. Amene mukumunena lero, chaka chamawa ndiye adzakhale mbali ya kasitomala. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Za kugwira ntchito usiku ndinenepo mosabisa, makamaka kwa inu atsikana. Kasitomala akafuna zinthu mawa m'mawa, ofesi yonse imachezera. Funsani dzuwa lisanalowe kuti mubwerera bwanji kunyumba minibasi zikatha, ndipo ikhale galimoto ya kampani, osati ya munthu amene akuti angokuthandizani. Wina akati nkhani ya kontirakiti mukamalizire ku bala kapena ku loji, mupite awiri kapena musapite n'komwe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti dandaulo lotere limapita kwa ndani pa kampani panu. Ife a ku Thyolo nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa kampani ya tiyi ya Eastern Produce Malawi, inagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 amene anakasuma ku London za nkhanza zotere m'maesiteti, ngakhale kuti sinavomere mlandu. Mantha a mayi waganyu amene akufuna kuti dzina lake lidzalembedwenso nyengo yamawa ndi omwewo a mtsikana amene akudikira kalata yomukhazikitsa pa ntchito muofesi ya kapeti. Anyamata inu, mukaona mnzanu akupanikizidwa, musati si zanga. Khalani mboni yake.

Tsopano ndifike pa tiyi, chifukwa tsiku lina brief yake idzagwera pa desiki panu, ndipo onse adzatembenukira kwa inu n'kuti, "Iwe kwanu n'ku Thyolo, titsogolere." Tiyi wa malonda anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, kenako n'kufalikira kwathu, ndipo esiteti ya Satemwa anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923. Zaka zonsezi tiyi wathu wambiri wakhala akutuluka m'dziko muno m'matumba akuluakulu, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, kupita ku Britain, ku South Africa ndi kwina, kumene amakamusakaniza ndi wa maiko ena chifukwa cha kufiira kwake. Womwa tiyi ku London sadziwa kuti m'kapu mwake muli Thyolo. Ndiye ntchito yopatsa tiyi wathu dzina ndi yaikulu, ndipo ndi yoyenera. A ku Satemwa aonetsa kale kuti n'zotheka, pogulitsa tiyi wapadera m'dzina la esiteti yawo kwa ogula akunja. Ndikufuna muigwire ndi mtima wonse.

Koma taonani chithunzi chimene aliyense amafuna: mayi wa chitenje chowala, dengu kumsana, akumwetulira pakati pa munda wobiriwira, phiri kumbuyo kwake. Mayi ameneyo angathe kukhala azakhali anu. Chilolezo cha manejala wa esiteti chimangokutsegulirani geti; nkhope ndi ya mwini wake. Mayi sangakane kapitawo ataima pambali pake, choncho mupempheni kapitawoyo mwaulemu kuti ayambe watalikira. Perekani moni ngati kwanu, "Mwaswera bwanji amayi?" Funsani dzina lawo, nenani lanu ndi mudzi umene mumachokera. Fotokozani kumene chithunzicho chikupita, kaya ndi pa paketi, pa chikwangwani cha pa Ginnery Corner, pa Facebook kapena kunja kwa dziko. Pepala losainira liwerengedwe m'Chichewa mawu ndi mawu, ndipo linene zaka zimene chithunzicho chidzagwire ntchito. Akakana, thokozani, pitani kwa ena, ndipo za kukanako zisafike ku ofesi ya esiteti.

Muwerengerenso nthawi yawo. Kuyambira December mpaka April, mvula ikamagwa, tiyi amaphuka msanga, ndipo ndiyo miyezi imene wothyola amapezako ndalama yoonjezera akapyola mlingo wa tsiku. Ola limene mwamuimika kudikira kuti dzuwa lituluke mumtambo ndi masamba amene sanalowe m'dengu. Ndalama imeneyo muiike mu bajeti musananyamuke ku Blantyre, pamzere wakewake, pafupi ndi mafuta a galimoto ndi alawansi yanu, ndipo muipereke m'manja mwa mwini wake. Mtsikana wa m'tauni akaima pa chikwangwani amalipidwa ndipo palibe amadabwa. Sindikuona chifukwa choti mayi wa ku Makandi azingopatsidwa botolo la Fanta. Musawavekenso zovala zimene savala pa ntchito, kapena kuwavula pulasitiki imene amamanga m'chiuno podziteteza ku mame ndi timitengo ta tiyi, n'cholinga choti chithunzi chikongole. Ntchito ikatuluka, sindikizani chithunzi chimodzi mukawapatse. Ulendo wa ku Thyolo kuchokera ku Limbe sukwana ndi maola awiri omwe.

Ntchito ya tiyi muiphunzire, musamangoiona pa windo la galimoto. Wothyola waluso amatenga masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri akuyenda. Pamafunika makilogalamu 4 mpaka 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kumene amawafotetsa, kuwadula, kuwasiya kuti afiire, kuwaumitsa ndi kuwasefa, ndipo nyengo ya mvula makina sagona. Kumeneko kuli amakaniko, osonkhezera moto wa bowila, olawa tiyi amene lilime lawo limasiyanitsa zimene ine ndi inu sitingasiyanitse. Kunja kwa mpanda kuli alimi ang'onoang'ono, monga a bungwe la Msuwadzi amene amagulitsa masamba ku Satemwa. Anthu onsewa saoneka pa mapaketi, chikhalirecho nkhani zawo n'zimene opikisana nanu sanazigwirepo. Mwana wa ku Thyolo ali ndi mwayi pamenepa umene mnzake wokulira ku Namiwawa alibe.

Mukamajambula minda kuchokera m'mwamba, chithunzi chimathera pamene mudzi ukuyambira. Inu mukudziwa chimene chili kuseriko. Makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, analowa m'maesiteti pa thangata, kugwira ntchito ngati lendi ya malo okhalapo, ndipo nkhani ya malo ku Thyolo ndi Mulanje ikadali yowawa mpaka lero. Uthenga wamalonda si bwalo loweruzira mlandu umenewo, ndikuvomera. Koma musalembe mawu amene munthu wa kwa Kapichi kapena kwa Bvumbwe angawamve pa wailesi n'kuona ngati mukumuseka, monga akuti boma lonse likusambira m'chuma cha tiyi. Amene anataya nyumba ndi minda pa namondwe wa Freddy mu March 2023 amamvera wailesi yomweyo.

Ogula akunja masiku ano amafunsa za Fairtrade ndi Rainforest Alliance, za malipiro, za chakudya cha masana cha antchito. Zina zasinthadi, ndipo si bwino kuzibisa. Mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi ndi la antchito la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro. Pulogalamu ya Malawi Tea 2020, imene inayamba mu 2015, inathandiza kuti ufa wa nsima ya masana m'maesiteti uzikhala wothira michere. Zimenezi n'zoona, zilembeni monyadira. Koma pulogalamuyo inatha malipiro asanafike pa mlingo wokwanira moyo wa banja umene inkalinga, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakweza mtengo wa chilichonse chimene wothyola tiyi amagula. Ndiye wina akati mulembe kuti antchito onse amalandira zokwanira, funsani umboni, ndipo ngati n'kotheka mvaninso mbali ya PAWU.

Kukana kuli ndi kachitidwe kake, makamaka mukadali wamng'ono pa ntchito. Musakanire bwana pamaso pa kasitomala. Mupempheni pambali, munene kuti, "Bwana, chiganizo ichi ndikuopa kuti chingatipweteke, tilibe pepala lochitsimikizira." Mukumbutseni kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalanga otsatsa malonda monamiza, ndiponso kuti ogula akunja amatumiza anthu awo kudzayendera maesiteti n'kufunsa antchito okha. Ndipo musapite chimanjamanja. Mutenge ziganizo zina ziwiri kapena zitatu, zoona, zimene zingagulitse tiyi yemweyo: dzina la esiteti, chaka chimene inayamba, kutalika kwa mapiri kumene tiyiyo amamera, dzina la wolawa amene anamusankha. Makasitomala ambiri amalandira, chifukwa nawonso safuna kuti kontena yawo ibwezedwe kapena kuti satifiketi yawo ilandidwe chifukwa cha mzere umodzi wa pa paketi. Bwana akaumirirabe, mupempheni kuti lamulo lakelo alilembe pa imelo.